Lole ya Yasini Yachira

"Ibwezereni mmene inalili, a Swaibu, chonde," anatero Yasini atatsamira lole yake.

Swaibu, makaniko wa pa Dwangwa, anapitiriza kupukuta sipanala osadzutsa mutu. Ndi yemweyu amene mwezi wathawo anamasula pampu ya dizilo ya loleyo, n'kupotokola kasikuluwu kuti mafuta azilowa ambiri. Lole imene kale inkatitimira mumchenga wa ku Ngala, anthu n'kumaikankha akuseka, tsopano inkakwera chitunda ikufuka utsi wakuda, itadzaza nsomba.

Tcheyamani wa chipani anaiona ikudutsa ndipo anaikonda. Analamula kuti izinyamula amayi ovina kupita nawo kumisonkhano. Za mafuta sanatchule n'komwe.

"Chambo changa chawolera padoko kawiri tsopano," anadandaula Yasini. "Ana adya chiyani? Ingoifooketsani, atcheyamani aziona ngati matenda akale abwerera. Kale lija ankaidutsa osaiyang'ana."

"Ndiye ikakafera panjira amayi ali pamwamba, akafunsa kuti anaigwira ndani, mudzayankha chiyani?" anafunsa Swaibu motsitsa mawu. "Dwangwa yense waiona ikuthamanga. Galimoto ikadwala tsiku la msonkhano, amadzatenga mwini wake ndi makaniko yemwe. Inenso ndili ndi ana, achimwene."

Yasini anatsegula chitseko cha lole. Anakwera n'kukhala kanthawi atagwira chiwongolero. Zaka zonsezi m'mawa uliwonse ankapempha Mulungu kuti injiniyo ilire. Lero anapotokola kiyi akupempha kuti ikane.

Inalira kamodzi n'kamodzi, mokoma ngati yatsopano.