Chitseko Chokhula Pansi

Kalipentala anagwada pakhomo lotulukira panja n'kuyamba kusisita simenti ndi chikhatho. Mayi wa mwana anaima chapafupi n'kumamuyang'anitsitsa. Munthu woitanidwa kudzachotsa chitseko amayang'ana kumahinjesi. Nanga uyu ankafunanji pansi?

Panali patatha milungu iwiri chichitikire ngoziyo. Kamtsikana kawo ka zaka ziwiri kanapanidwa chala kuseri kwa chitsekocho, pampata uja umayasama chitseko chikatseguka n'kuluma chikatsekedwa. Kuchipatala anadula kansonga ka chala chapakati. Anamwino atafunsa, mayiyo anati ndi mphepo. Apongozi ake atafunsa, anatinso mphepo. Mwamuna wake anamufunsa katatu konse, ndipo katatu konse mphepo yomweyo inasenza mlandu.

Pajatu mwana ameneyu ndiye mtima wa bambo ake. Masiku anayi bamboyo sanalawe chakudya. Ankati mwayi wa mphepo n'ngwakuti ilibe khosi, akanakhala munthu sakanamukhululukira mpaka kumanda. Ndiye anafunsafunsa mpaka anapeza mmisiri ameneyu, yemwe ankatchuka ndi zitseko zosapana ana zimene ankakhoma m'sukulu zamkaka.

Chitseko chatsopanocho chinali chitatsamira khoma. Chinalibe mahinjesi. Kalipentalayo, mkulu waimvi wolongolola ngati wailesi, anafotokoza kuti chimaima pa kachitsulo kamodzi pansi ndi kena pamwamba, n'kumazungulira pomwepo. Mbali yake yakumbuyo anaipala yobulungira ngati botolo, ndipo pafelemu amakhomapo kathabwa kogoba koti mbaliyo izitembenukira m'kati mwake. Mpata susintha, kaya chatseguka kaya chatsekeka, moti ngakhale kachala ka khanda sikangalowe. Za kukhoma kwake, anati ngakhale mlamu wake waulesi uja angathe, madzi a tiyi asanawire ntchito yatha, kungoti iye amachedwetsa dala kuti amwe nawo.

Mwamunayo anaseka, koyamba pa milungu iwiri. Mayiyo sanaseke. Maso ake anali pa mzere wopindika umene chitseko chakale chinakhula pasimenti, woyera ngati wojambula ndi choko. Tsiku lililonse ankaukolopa osauona n'komwe. Lero unkaoneka waukulu ngati msewu.

Kalipentala anati ali ndi lamulo lake: sachotsa chitseko asanadziwe matenda ake, kuopa kuti chatsopano chingatengere. Anasolola pensulo kukhutu, n'kuiika pampata wa kumahinjesi, n'kukankha chitseko ndi chala chimodzi. Sichinasunthe. Anakankha ndi dzanja lonse. Chinalira pasimenti, kwee, n'kuima panjira. Anachita kuikapo phewa kuti chitsekeke, ndipo pensulo inathyoka pawiri.

Mwana, amene anali kumsana kwa mayi ake, anadzidzimuka n'kubisa dzanja la bandeji m'khwapa mwawo.

"Bwana, ichi chinatsika kalekale, felemu yake inapendekeka," anatero kalipentala akutola zidutswa za pensulo. "Mphepo yotseka chimenechi ingayambe yasasula kaye denga."

Mayiyo anafulumira kufunsa ngati amisiri amamwa tiyi wamkaka kapena wopanda. Mkuluyo anadzutsa mutu, anayang'ana nkhope ya mayiyo, kenako bandeji, ndipo anazindikira kuti lilime lake lathamanga. Anayamba kubweza. Mwinatu mphepo za masiku ano, nyengo inasintha, iye ndi wa matabwa chabe, si wa zanyengo. Koma madzi akatayika saoleka.

Mwamunayo anatsegula chitsekocho n'kuchikankha yekha. Chinakana. Anagwira chogwirira, n'kuchiyesanso, ndipo pamphumi pake panayamba kuchita makwinya a munthu amene akubwerera m'mbuyo tsiku ndi tsiku, kufunafuna m'mawa umodzi.

"Mayi a mwana," anatero mwamunayo motsitsa mawu, "m'mawa uja m'nyumba muno munali ndani?"

Mayiyo ankadziwa zotsatira zake. Apongozi adzati iwo ananena kale kuti kamtsikana kosiya sukulu panjira sikangalere mwana. Alamu adzanong'onezana akamuona. Mwinanso dzuwa lisanalowe auzidwa kuti alongedze zake, mwana asiye. Koma makwinya aja ankangowonjezeka, ndipo nthawi yoganiza inali itatha.

"Ndine, bambo a mwana. Ndinakankha ndi phazi, m'manja ndinali ndi beseni lamadzi. Sindinamuone. Ndinkaopa kukuuzani."

Mwamunayo sanakalipe. Bola akanakalipa. Anamasula mwana kumsana kwa mkazi wake ngati akumulanda kwa mlendo, n'kutuluka naye panja osacheuka.

Wailesi ija inazima. Kalipentala anazula chitseko chakale, anakhoma kachitsulo kapansi, kenako kapamwamba, n'kukolowekamo chatsopano. Sananame, ntchito inatha mosakhalitsa. Mosamuyang'ana kumaso anapempha mayiyo kuti ayese yekha. Mayiyo anagunditsa chala chake kumbuyo kwa chitseko n'kutseka pang'onopang'ono, mano ali okukuta. Thabwa linangomusisita n'kudutsa.

Pazenera ankaona mwamuna wake atakhala pamwala, akuuzira kadzanja ka mwana. Apo m'pamene mayiyo anapuma mpweya wonse. Mkwiyo wa mwamunayo akanaupirira, ngakhale utatenga chaka. Chimene sakanapirira n'kumuona akukumbukira kuti m'mawa uja, atachedwa kuntchito, ndi iyeyo amene anakoka chitseko ndi mphamvu ali kunja. Pamene mwana ankapeza mpweya wolirira, bambo ake anali atafika kale kumsewu.