Dzanja la a Longwe

"Amene mukufuna kuti Olivia Longwe akhale mkulu wa mpingo, kwezani manja," anatero mlembi.

Manja anakwera tchalitchi chonse, ngakhale kumbali ya azibambo. A Mackford Longwe, bambo ake a Olivia, anangogwira chipewa pamaondo.

Anakhala pabenchi lomweli zaka makumi awiri zapitazo, tsiku limene malemu akazi awo, NyaMhone, anatchulidwa pa udindo womwewu. Kunasowa dzanja limodzi lokha kuti adutse. Mayiwo anawayang'ana kuchokera kumbali ya azimayi, iwo n'kuyang'ana kudenga. Pobwerera kwawo ku Chikale, NyaMhone anawanyamulira Baibulo. Pakhomo anangofunsa kuti, "Ndikuikireni madzi osamba?" Mpaka kumwalira sanaitchulenso nkhaniyo.

Olivia sanawacheukire n'komwe bambo ake. Maso ake anali pa mlembi, amene ankayenda m'mizere akuwerenga.

Chipewa chinagwa pansi. Dzanja la a Longwe linakwera pang'onopang'ono mpaka linawongoka.

Mlembi anatseka kope, kenako anawaona.

"Tsitsani, ada. Tawerenga kale, wadutsa."

Iwo sanatsitse. Mpingo unayamba nyimbo, dzanja lawo lili m'mwamba lokha.