Silinda Yomwe Sinatuluke pa Geti

Kapitawo anatulutsa anthu onse m'shedi, natsala yekha pakhomo ndi kamakina kake kosakira masilinda a gasi m'manja.

Nkhani inali yoti m'mawa womwewo, malole atanyamuka kale, injiniya wa fakitale anabwera akuthamanga, nkhope ili gwaa. Masilinda a gasi amene anadzazidwa dzulo lake anali ndi zotsekera zong'aluka. Imodzi inali itaphulika m'chipinda choyesera, n'kubowola khoma la njerwa. Mwayi wake munalibe munthu.

"Ikatenthedwa imayamba kutaya mpweya," anatero injiniyayo. "Ikakumana ndi kamoto, ngakhale ka ndudu, tonse tapita. Apezeni onse, a kapitawo."

Kuwapeza sikunali kovuta. Silinda iliyonse pafakitalepo inkamangidwa kachipangizo pakhosi ndi waya, kamene kamaulutsa nambala yake pa mafunde a wailesi. Antchito ankakatchula kuti nkhupakupa, poti kakamata sikachoka. Silinda ikamadutsa pa geti, geti inkalira, kompyuta n'kudziwa kuti yakuti yatuluka. Kapitawo ankakhulupirira nkhupakupa kuposa anthu, ndipo sankabisa. Munthu amanama, iye ankatero, koma nkhupakupa sidziwa bodza.

Masilinda oipawo anawasonkhanitsa panja pamthunzi, n'kumawathira madzi. Onse anapezeka kupatula imodzi. Kompyuta inanena motsimikiza kuti imeneyo sinatuluke pa geti. Inali m'shedi momwemo, penapake pakati pa masilinda abwino osawerengeka, pansi pa denga la malata limene linali litayamba kale kuthetheka ndi dzuwa.

Foni yake inalira m'thumba. Anali akazi ake. Kapitawo anausa moyo. Sabata yonse kunyumba kunali nyimbo imodzi: gasi watha, makala akudetsa mapoto, mwamuna wogwira ntchito kwa eni gasi koma mkazi wake akupemerera moto ngati wosakwatiwa. Ankayiimba ngakhale pamaso pa mng'ono wake wa kapitawoyo, woyendetsa lole pafakitale pomwepo, munthu wa mtima wofewa amene sankatha kuona wina akudandaula.

"Bambo a mwana," mawu anabwera akusekerera, "koma lero ndiye mwandigwetsa m'mwamba! Inu ndi munthu wobisa mawu eti?"

"Ndili pa ntchito, ndiimbanso," anawadula. Anathimitsa foniyo n'kuisiya pawindo, poti foni siloledwa pafupi ndi gasi.

Analowa. M'shedimo munali zii. Masilinda anali ndandanda mpaka kudenga, onse ofanana, onse chete. Anayenda monyang'ama, akuloza kamakina kake uku ndi uku. Kamakinako anali atakauza nambala imodzi yokha yoti kasake.

Mantha anamugwira, osati pang'ono. Ankanunkhiza mpweya ngati galu. Nsapato yake itakhula pansi anaima chilili, kuopa kuti msomali wa kuchidendene ungathethetse moto pa simenti. Anavula nsapatozo n'kupitiriza ndi masokosi okha.

Chinthu chimodzi chokha ndicho chinkamulimbitsa mtima. Zikavuta, zivutira iye yekha. Akazi ake ali kunyumba, ana ali kusukulu mpaka masana, mng'ono wake ali pamsewu ndi lole. Onse amene ankawakonda anali kutali ndi shedi imeneyi, ndipo anathokoza Mulungu chifukwa cha zimenezo.

Kamakina kanalira kamodzi. Ti.

Anaima. Thukuta linatsikira m'maso. Anapita kumanzere, kanakhala chete. Anabwerera kumanja, kanaliranso. Kuona maso a nkhono n'kudekha, anadziuza, ngakhale miyendo inkafuna kuthawa yokha.

Ti. Ti. Ti.

Kulirako kunamutsogolera mpaka kumapeto kwa shedi, pafupi ndi chitseko chimene malole amapakirira katundu. Kumeneko kunali kotentha ngati mu uvuni. Anayamba kuyang'ana masilinda imodziimodzi, kuwerenga manambala pakhosi, osayerekeza kugwedeza iliyonse. Sinali iyi. Sinali iyo. Koma kamakina kanali kakulira mosalekeza tsopano, ngati mwana woti waona njoka.

Anakatsitsa m'munsi. Kanalira kwambiri. Anagwada, n'kusuzumira kuseri kwa matabwa oikapo katundu.

Panalibe silinda. Pafumbi panali nkhupakupa yokha, waya wake atadulidwa bwinobwino.

Anaitola. Nambala inali yomweyo. Anakhala chogwada, akuiyang'ana m'dzanja lake, mutu utaima.

Kunja kunamveka lole ikuima. Chitseko chinatseguka, kuwala kunalowa, ndipo mng'ono wake anatulukira akuimba mluzu. Za injiniya anali asanamve. Ataona chimene chinali m'dzanja la mkulu wakeyo, mluzu unatha. Anakanda m'mutu, n'kuseka mwamanyazi.

"Aa, mwaitola? Musakwiye, achimwene, mudzandidula pa malipiro. Ndinangowamvera chisoni alamu anga, ndiye ndinadula nkhupakupayo kuti geti isalire. Silindayo ndawasiyira kunyumba pobwerera pano, ndawauza kuti mwatumiza ndinu. Akuti aiyatsa ana akangofika kuchokera kusukulu, aone nawo."

Pamwamba pa fakitale, belu la masana linayamba kulira.