Nkhwali ndi Bwalo la Njati

Padangotero, nyama zinkasonkha mawere m'nkhokwe imodzi poopa njala. Tsiku lina Njati ziwiri, akatswiri ogwetsana, zinati, "Gulitsani mawerewo mutimangire bwalo, dziko lonse litidziwe!"

Nkhwali anayang'ana tiana take, mtima uli m'mwamba.

Kenaka anati, "Achimwene, kodi kutchuka kumaphikika? Tationetsani kaye luso lanulo patsala apo, tione ngati n'loyeneradi bwalo."

Njati zija zinafwenthera ndi ukali, n'kugundana nyanga mpaka dzuwa kupendeka. Palibe inagwa, koma ziboda zawo zinatembenuza tsala lonselo. Mvula itagwa, nyama zinafesamo mbewu, nkhokwe ikadali yodzaza.

Pokolola, Nkhwali anatulira Njati zija lichero la mawere atagwada. "Zikomo kwambiri, akatswiri athu. Chaka chino mukagwetsanire patsala lina lakumtunda uko."

Yathera pompa, kaphuleni mbatata isanapserere.