Mlonda wa Anyani

Padangokhala anyani a m'phiri lina amene ankaba chimanga m'minda ya m'munsi. Mlonda wawo anali Nyani Wamkulu, amene ankakhala pachulu. Anzake akangothyola chimanga, iye ankakuwa kuti, "Kambuku!" Onse ankataya zimene athyola n'kuthawa, iye n'kutsika kukatola. Anyani anaonda, mlonda ananenepa.

Tsiku lina Pusi, msuweni wamng'ono wa anyaniwo, anati, "Abale anga, ndiloleni ndikulondereni tsiku limodzi, muone kusiyana kwake."

"Musiyeni mwanayu ayese," anatero Nyani Wamkulu.

Pusi anakwera pansonga pa mtengo wa mbawa, nayang'ana mbali zonse kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Sanaone kanthu, choncho sanakuwe. Anyani anadya mpaka kukhuta, koma aliyense ankatafuna akucheuka, chifukwa bata lotero sanalizolowere.

Madzulo anasonkhana kuti asankhe mlonda. Mayi wina wa ana atatu anafunsa kuti, "Iwe Pusi, watipulumutsa kangati lero?"

"Mayi, kunalibe choopsa. Kambuku sanaonekepo m'phiri muno kwa zaka zambiri."

"Mwamva, anzanga? Ndiye kuti bambo athuwa ntchito amaigwira."

"Koma lero ana anu agona okhuta."

"Okhuta, inde, koma opanda wowateteza. Bambowa amatipulumutsa kasanu pa tsiku, iwe ngakhale kamodzi."

Onse anaomba m'manja. Anathamangitsa Pusi chifukwa choika moyo wa ana pachiswe, kenako anagwada kupepesa mlonda wawo. Nyani Wamkulu anawakhululukira. Anangopempha kuti, poti mawondo ayamba kumuwawa, chimanga azimubweretsera okha pachulu.

Nthano yanga yathera pamenepa.