Tsiku Loyamwa Nyenyezi

Pakatha masiku asanu ndi anayi alionse, mafoni a m'mudzi wa Kanyimbi ankatsekeredwa m'zitini, chigayo n'kuzimitsidwa. Linali lamulo. Chimbale chachikulu cha asayansi chimene chinali paphiri chinkafuna bata kuti chilandire zithunzi za ekisire za nyenyezi ziwiri zakutali, yaing'ono yolemera zedi ndi inzake yaikulu.

Tsiku limeneli lamulolo linamuwawa Nangozo. Mwana wake Tiyanjane anali kuchipatala kukabereka. Nangozo ankasinja chimanga, koma maso ali pa chitini.

"Nditsegule pang'ono chabe, bambo?"

"Mukatsegula muwaonongera anthu zithunzi," anayankha amuna ake a Chikhosi, amene ankagwira ntchito yosesa kuphiriko.

"Ikutani kodi nyenyezi yanuyo?"

"Yaing'onoyo ikukoka mpweya wa yaikulu. Tingoti ikuyamwa."

Nangozo anaika musi pansi. Iye anali asanachotsepo mwana pabere asanakhute. Anayala mkeka, n'kukhalapo kudikira.

Belu la paphiri lololeza kutsegula zitini litalira, dzuwa litapendeka, anatsegula chitini. Foni inalira pomwepo.

"Amayi, ndi wamkazi," anatero Tiyanjane motopa. "Akuyamwa, ndiimbanso."

"Usafulumire, mleke akhute," anatero Nangozo. "Kuno mudzi wonse tazolowera kudikira woyamwa."