Nkhuku Yopepesera Mayeso Obwereza

Panali munthu wina wa ku Nsanama, dzina lake Sufiyani, amene anapeza malo ku yunivesite m'zaka za chipani chimodzi, pamene mwayi wotere unkagwa mwa apo ndi apo. Nkhaniyi inachokera kwa mayi amene anaphunzira naye, ndipo iye amanenetsa kuti ndi yoona.

Sufiyani ndi mchemwali wake wamkulu, Asiya, analeredwa ndi amalume awo, Che Uladi. Asiya ndiye anayamba kusankhidwa kupita ku sekondale, koma Che Uladi anagamula kuti mphamvu zawo zingakwanire mwana mmodzi yekha, ndipo mwanayo akhale wamwamuna. Asiya anakwatiwa nayamba kugulitsa mpunga kwa okwera sitima ya ku Nayuchi. Zambiri zimene ankapeza zinkathera pa sukulu ya mlongo wakeyo.

Pakutha pa chaka chachiwiri Sufiyani analephera phunziro limodzi. Lamulo linali lomveka bwino: wolephera phunziro limodzi ankaloledwa kulemba mayeso obwereza sukulu isanatsegulidwe, ndipo akakhoza ankapitirira. Koma wojomba mayesowo popanda kufotokoza chifukwa tsikulo lisanafike ankachotsedwa sukulu.

Sufiyani atafika kumudzi anangoti, "Ndakhoza zonse." Amayi a pamudzi analulutira.

Tsiku la mayeso obwerezawo linagundana ndi tsiku limene mwana wa Asiya ankatuluka ku jando, chinamwali cha anyamata. Sufiyani, monga malume wophunzira, ndiye anasankhidwa kuti adzaveke mwanayo zovala zatsopano pamaso pa anthu.

Dzulo lake anapita ku Liwonde kukagula zovalazo. Pamalo okwerera basi anakumana ndi Modester wa ku Utale, mnzake wa m'kalasi, yemwe nayenso ankakalemba mayeso omwewo.

"A Sufiyani, chikwama chanu chili kuti? Mayeso ndi mawa m'mawa."

"Musakuwe, Modester. Pano pali anthu a kwathu."

"Kodi simunawauze?"

"Ndiwauze kuti chiyani? Kuti mpunga wonse uja unagula kulephera?"

"Tiyeni tikwere limodzi. Mukalemba m'mawa, madzulo muli kwanu. Ngati simungathe, kafotokozeni lero lomwe, akuluakulu akali mu ofesi."

Sufiyani anaseka. "Iyayi. Inu simudziwa mmene zinthu zimayendera. Palibe mlandu umene sutha munthu wamkulu akakhala pansi ndi kupepesa. Ndidzapita ndi amalume."

Modester anaonetsa khadi lake la chipani kwa ofufuza makadi, nakwera basi yekha.

Mwambo unayenda bwino. Anthu anavina, ndipo Che Uladi ankaloza Sufiyani kwa mlendo aliyense, amvekere, "Uyu ndi wa chaka chachitatu."

Sukulu itatsegulidwa, Sufiyani anauzidwa kuti malo ake palibe. Anabwerera kumudzi nanena kuti wathamangitsidwa chifukwa chofika mochedwa, ndipo nkhaniyo ingofunika chipepeso cha munthu wamkulu. Che Uladi anavala mkanjo wawo wa pa Lachisanu, namanga miyendo ya nkhuku yonenepa kuposa zonse. Popeza iwo ankamva bwino Chiyao chokha, anatenga Asiya kuti akawatanthauzire.

Mu ofesi ya woyang'anira mayeso, Che Uladi anakana mpando. Anakhala pansi, naika nkhukuyo patsogolo pawo, nalankhula motalika. Asiya anatanthauzira: "Akuti mwanayu anachedwa chifukwa cha mwambo wa pabanja pathu. Akuti wolakwa ndi iwo, ndipo akupempha kuti mulandire chipepeso chawo."

Woyang'anirayo anayang'ana Sufiyani. "Achimwene, kodi mwawauza kuti munachedwa?"

Sufiyani anazolika, ndipo woyang'anirayo anatembenukira kwa Asiya.

"Mayi, auzeni bambowa kuti ulemu wawo ndauona, ndipo ukundimvetsa chisoni. Koma mwana wawo sanachedwe. Analephera phunziro limodzi, tinamupatsa mwayi wolembanso, ndipo sanabwere. Akanatiuza tsikulo lisanafike, tikanaona chochita. Pano ine ndilibe mphamvu yosintha lamulo."

Che Uladi anakoka nsalu ya Asiya, kufuna kumva zimene zanenedwa.

"Achimwene," anatero Asiya, "auzeni nokha."

Sufiyani sanatukule mutu. Motero Asiya, amene analandidwa sukulu kuti mlongo wake aphunzire, ndiye anatanthauzira mawu onsewo m'Chiyao, limodzi ndi limodzi, osachotsapo kanthu.

Che Uladi anavula chipewa chawo nachiyang'anitsitsa. Kenaka anadzuka pang'onopang'ono, natola nkhuku ija, nathokoza woyang'anirayo. Potuluka anadutsana ndi ophunzira a chaka chachitatu akupita m'kalasi, ndipo Modester anali pakati pawo. Iye anagwada pang'ono kupereka moni kwa Che Uladi. Sufiyani anayang'ana kukhoma.

Atafika pamsewu, Asiya anaima.

"Mukanandiuza usiku umene munafika, ndikanakukwezani basi ndekha. Mwana wanga ndikanamuveka ndine. Kulephera phunziro limodzi sikukanandipweteka, achimwene. Koma malo aja anali amodzi okha pabanja pathu, ndipo simunafunse n'komwe kuti mwini wake wina akuti bwanji musanawataye."

Che Uladi anamva zonse, pakuti Asiya analankhula m'Chiyao. Sanadzudzule Sufiyani. Anatembenukira kwa Asiya naika nkhuku ija m'manja mwake.

Phunziro: Kulephera mayeso si mlandu, ndipo mwayi wolembanso si chinthu chobisa. Dziwani malamulo a sukulu yanu, ndipo vuto likabwera lankhulani tsiku lisanafike, chifukwa lamulo la mayeso silimva chipepeso cha pambuyo. Inunso makolo, musanatseke njira ya mwana wamkazi kuti wamwamuna adutse, dzifunseni kuti misozi yake adzaipukuta ndani. Uzaniko wophunzira aliyense amene mukumudziwa, makamaka uja amene wangoti zii za zotsatira zake.